Temblor: Mafunso ndi Mayankho pa Mawu a Chisipanishi Onena za Chivomezi

Amene amawerenga nkhani za kunja amakumana ndi mawu akuti temblor nthawi iliyonse nthaka ikagwedezeka ku California, ku Mexico, ku Chile kapena ku Japan. Ophunzira Chisipanishi nawonso amawapeza msanga, kenako amasokonezeka akaona kuti pali mawu ena atatu onena za chinthu chomwecho. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavuta kwambiri owerenga, omasulira nkhani ndi anthu opita kumayiko amenewa.

Kodi temblor amatanthauza chiyani?

M'Chingelezi amatanthauza chivomezi, chimene ena amati chivomerezi, ndipo alibe tanthauzo lina. M'Chisipanishi, kumene ndi kwawo, amatanthauza kunjenjemera kwa mtundu uliwonse: kwa manja a munthu wokalamba, kwa mawu a munthu amene wagwidwa ndi mantha, kwa thupi la wodwala malungo, komanso kwa nthaka. Wofuna kunena mosasiya chikayiko amati temblor de tierra, ndiko kuti kunjenjemera kwa dziko. Koma ku Latin America, kumene nthaka imagwedezeka pafupipafupi, anthu anasiya kalekale kutchula mawu awiri omalizawo. Munthu akangoti temblor, aliyense amadziwa kuti akunena za pansi.

Anachokera kuti?

Temblor ndi dzina lopangidwa kuchokera ku mneni temblar, kutanthauza kunjenjemera. Mneni ameneyu anachokera ku mawu a Chilatini cha anthu wamba akuti tremulare, amene tsinde lake ndi tremere. Tsinde lomweli linabala trembler m'Chifalansa, ndiponso tremble ndi tremor m'Chingelezi. Onsewa ndi a banja limodzi.

Pali zinthu ziwiri zimene zinasintha panjira. Lembo la u la pakati pa tremulare litasiya kumveka, m ndi l anagundana, ndipo lilime linalowetsapo b kuti katchulidwe kaphweke. Zomwezi zinachitika m'Chifalansa, n'chifukwa chake trembler ali ndi b. Chachiwiri chinachitika m'Chisipanishi chokha: r woyambayo anatayika. Apa m'pamene pagona zolakwika zambiri za kalembedwe.

Ndiye cholondola ndi chiti: temblor, tremblor kapena trembler?

Lembani temblor. Palibe r pambuyo pa t. Olankhula Chingelezi ambiri amalemba tremblor chifukwa khutu lawo linazolowera tremble ndi tremor, ndipo kalembedwe kameneka kafala mpaka mabuku ena otanthauzira mawu anakalandira. Komabe bungwe la nkhani la Associated Press limalangiza atolankhani ake kulemba temblor, osati tremblor, ndipo m'Chisipanishi cha lero tremblor ndi cholakwika basi. Trembler ndi mawu ena a Chingelezi otanthauza chinthu kapena munthu wonjenjemera. Ena amawagwiritsa ntchito ponena za chivomezi, koma sitikukulimbikitsani kutero polemba nkhani.

Cholakwika china ndi kulemba tenblor. M'Chisipanishi b ndi p amatsogoleredwa ndi m, osati n, monga momwe ife timalembera mbale ndi mpando.

Amatchulidwa bwanji?

Ali ndi maphatikizo awiri, tem ndi blor, ndipo mphamvu imagwera pa lomaliza: tem-BLOR. Salembedwa ndi kachizindikiro pamwamba pa o, chifukwa lamulo la Chisipanishi limati mawu othera ndi r amatsindikidwa kumapeto mwachibadwa. Pochulukitsa amakhala temblores, kutchula kwake tem-BLO-res. Ndi dzina la gulu lachimuna, choncho timati el temblor, un temblor, los temblores. Angelezi amachulukitsa kuti temblors, ndipo ambiri a iwo amatsindika phatikizo loyamba.

Wolankhula Chichewa ayenera kusamala malo atatu. Choyamba, ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye pakamwa pamafuna kunena TEM-blor. Chachiwiri, mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndiye timawonjezera o kapena u, n'kukhala tembuloro. Chachitatu ndi chachikulu: kwa ife l ndi r amasinthana popanda kusintha tanthauzo, pamene m'Chisipanishi ndi malembo awiri osiyana kotheratu. L wa pakati amatchulidwa lilime litakhazikika kuseri kwa mano a m'mwamba, ndipo r wa kumapeto ndi kugunda kamodzi kofulumira kwa nsonga ya lilime. Yesani kunena blo payekha kangapo, kenako muwonjezere kugundako osaikapo liwu lina pambuyo pake.

Analowa bwanji m'Chingelezi, chikhalirecho Angelezi ali ndi mawu awo akuti earthquake?

Analowera kumadzulo kwa United States. California anali m'manja mwa Spain, kenako Mexico, mpaka mu 1848 pamene analowa m'manja mwa United States. Olankhula Chingelezi amene anathamangira kumeneko anapeza anthu ali kale ndi mawu a zinthu za m'deralo, ndipo anatola ambiri: canyon, rodeo, ranch. Temblor anayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingelezi cha m'ma 1870.

Chimene chinawasunga amoyo ndi ntchito ya utolankhani. Nkhani ya chivomezi imafuna kutchula chinthucho kakhumi kapena kupitirira, ndipo mtolankhani safuna kubwereza earthquake m'chiganizo chilichonse. Amayamba ndi earthquake, amapita ku quake, kenako temblor. Choncho mudzawapeza kwambiri m'manyuzipepala a ku America, kawirikawiri m'ndime yachiwiri kapena yachitatu, ndipo nkhaniyo ikhoza kukhala ya ku Turkey kapena Indonesia kumene kulibe Chisipanishi n'komwe. Pocheza anthu sawatchula kwenikweni. Ku Britain ndi ku South Africa amakonda tremor ponena za kugwedezeka kochepa. Ngati mukulembera owerenga a kuno m'Chingelezi, earthquake akukwanirani; temblor angopangitsa ambiri kuima n'kuyamba kufufuza tanthauzo.

Kodi n'zoona kuti temblor ndi chivomezi chaching'ono, pamene terremoto ndi chachikulu?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse pano, ndipo yankho lake limadalira amene akulankhula.

M'Chingelezi si zoona. Nyuzipepala ya ku Los Angeles ikhoza kutchula temblor chivomezi cha mphamvu ya 3.5 chimene changogwedeza makapu, ndipo ikhoza kutchulanso temblor chivomezi cha 7.8 chimene chagwetsa mizinda. Amene amaganiza kuti ndi chaching'ono amakhala atasokoneza ndi tremor.

Ku Chile kusiyanako kulipo ndipo anthu amakusunga mwamphamvu. Temblor ndi kugwedezeka kumene munthu amakumva, n'kuyang'ana nyali ya kudenga, n'kupitiriza zimene amachita. Terremoto ndi chimene chimagwetsa makoma, kudula magetsi ndi madzi, ndipo anthu amachikumbukira ndi chaka chake. Ambiri amaika malire pa VII pa muyezo wa Mercalli (woyeza mmene chivomezi chamvekera pamalo), pamene munthu amavutika kuima chilili ndipo nyumba zosamangidwa bwino zimaonongeka. Palibe Mchile angatchule temblor chivomezi cha ku Valdivia cha pa 22 May 1960, chimene chinafika 9.5 ndipo mpaka lero ndicho chachikulu kuposa zonse zimene zinayezedwapo ndi makina. N'chimodzimodzinso cha pa 27 February 2010, cha 8.8. Koma dziwani kuti ku Chile chivomezi cha 6 chimatha kungotchedwa temblor fuerte, kugwedezeka kwamphamvu, chifukwa malamulo awo a kamangidwe ndi okhwima ndipo nyumba zambiri zimapirira. Chivomezi cha 6 chomwecho chikagwa pamudzi wa nyumba za zidina chimasiya anthu panja.

Ku Mexico malirewo ndi ofooka. Pa 19 September 1985 chivomezi cha pafupifupi 8 chinapha anthu masauzande ambiri mu Mexico City, koma mpaka lero anthu a mumzindamo amati el temblor del 85, ngakhale m'mabuku mumalembedwa terremoto kapena sismo. Cha pa 19 September 2017, cha 7.1, chimene chinapha anthu oposa 360, nachonso ambiri amangoti el temblor. Munthu amene anaphunzira lamulo la ku Chile akhoza kumva mawu amenewa n'kuganiza kuti zinali zazing'ono, pamene m'nyumba imene akuchezamo munatayika abale.

Malangizo athu ndi awa: musayese kukula kwa ngozi ndi mawu akuti temblor. Ndi mawu a anthu, opimidwa ndi chizolowezi cha dera lawo. Terremoto ndiye amakuuzani kanthu, chifukwa ku Latin America kawirikawiri amanena za chivomezi chachikulu.

Nanga sismo ndi seísmo?

Awa ndi mawu a akatswiri ndi a boma, ochokera ku Chigiriki seismos. Sanena za kukula: chaching'ono ndi chachikulu chomwe ndi sismo. Ku Latin America amalemba sismo, ku Spain amakonda seísmo. Mudzawaona m'mayina a mabungwe oyeza zivomezi, monga Servicio Sismológico Nacional ku Mexico ndi Centro Sismológico Nacional ku Chile. Terremoto anachokera ku mawu awiri a Chilatini, terrae motus, kusuntha kwa dziko.

Pali enanso awiri oyenera kuwadziwa. Réplica ndi chivomezi chotsatira chachikulu chija, chimene chimabwera patapita mphindi, masiku kapena miyezi; n'choopsa chifukwa chimapeza makoma atang'aluka kale. Maremoto kwenikweni ndi kugwedezeka kwa nyanja kochokera ku chivomezi cha pansi pake, ndipo anthu ambiri amawagwiritsa ntchito ponena za tsunami, mafunde aakulu a m'nyanja amene amasefukira kumtunda.

Ngati mawu sandiuza kukula, ndiyang'ane chiyani m'nkhani?

Yang'anani zinthu zinayi: nambala ya mphamvu, kuya kwake, mtunda kuchokera kumene kuli anthu, ndi muyezo wa mmene chamvekera.

Nambala ya mphamvu, imene m'Chisipanishi amati magnitud, ndi imodzi pa chivomezi chilichonse. Anthu amaitchulabe kuti ya Richter, potsata Charles Richter amene anakonza muyezo wake ku California mu 1935, koma pa zivomezi zazikulu akatswiri amagwiritsa ntchito muyezo wina wa mu 1979 wa Thomas Hanks ndi Hiroo Kanamori, chifukwa wa Richter umalephera kusiyanitsa bwino zikapitirira 7. Manambalawa sakwera monga makilogalamu pa sikelo. Kuchoka pa 5 kufika pa 6, mphamvu yotuluka imawirikiza pafupifupi ka 32. Kuchoka pa 5 kufika pa 7 imawirikiza ka 1,000. Choncho wolemba akasintha 6.8 kukhala 6 pofuna kufupikitsa, wachepetsa mphamvuyo pafupifupi ka 16.

Muyezo wa mmene chamvekera, intensidad, ndi wosiyana. Umalembedwa ndi manambala a Chiroma kuyambira I mpaka XII, ndipo chivomezi chimodzi chimakhala ndi manambala ambiri malinga ndi malo. Pa III chimamveka ngati lole yadutsa pafupi ndi nyumba. Pa V pafupifupi aliyense amachimva, ogona amadzidzimuka, mbale zimagwa. Pa VI mipando yolemera imasuntha ndipo pulasitala amakakatuka. Kuyambira VII ndi pamene Achile amayamba kunena terremoto. Kusakaniza miyezo iwiriyi ndi cholakwika chofala kwambiri m'nkhani zomasuliridwa: VII ya Mercalli si 7.0.

Kuya nako kumasintha zonse. Chivomezi cha 6 choyambira pa makilomita 10 pansi pa tauni chimaononga kuposa cha 7 choyambira pa makilomita 200. Mtundu wa nthaka umawonjezeranso. Pakati pa Mexico City anamangapo pamatope a nyanja yakale ya Texcoco, ndipo matope amenewa amakulitsa ndi kutalikitsa kugwedezeka. N'chifukwa chake mu 1985 mzindawu unaonongeka kwambiri ngakhale chivomezicho chinayambira kugombe la Michoacán, mtunda woposa makilomita 300.

Kodi olankhula Chisipanishi amawagwiritsa ntchito bwanji m'ziganizo?

Nthawi zambiri amagwiritsa ntchito mneni m'malo mwa dzina, ndipo mneniyo amaima yekha wopanda mchitantchito, monga ife timanenera kuti kwacha kapena kukuzizira. Está temblando ndiko kuti kukugwedezeka pompano. Tembló anoche ndiko kuti kunagwedezeka usiku wathawu. ¿Sentiste el temblor? ndi funso lakuti kodi unachimva chivomezi chija. Hubo un temblor fuerte ndiko kuti kunachitika chivomezi champhamvu.

Samalani ndi tsinde la mneniyu. Pamene mphamvu yagwera pa tsinde, e amasanduka ie: tiemblo, ndikunjenjemera, tiembla, akunjenjemera. Pamene mphamvu yagwera kumapeto, e amakhala momwemo: temblamos, tembló, temblando. Ophunzira ambiri amalemba tembla kapena tiembló, ndipo zonse ziwiri n'zolakwika. Kachizindikiro ka pa tembló nako musakaiwale, chifukwa ndi kamene kamasonyeza kuti zinachitika kale.

Dokotala wolankhula Chisipanishi akalemba temblor, akunena chiyani?

Akunena za kunjenjemera kwa thupi kumene munthu sangakuletse, monga kwa matenda a Parkinson kapena kwa manja kumene amati temblor esencial. Pomasulira chikalata chotere kupita m'Chingelezi mawu oyenera ndi tremor, ndipo m'Chichewa ndi kunjenjemera.

Kodi mawuwa amapezeka m'mayina a malo ndi m'miyambo?

Inde, ndipo mayinawo amasunga mbiri. Pa 28 July 1769 gulu la msilikali wa ku Spain Gaspar de Portolá, limene linali kuyenda pamtunda kulowera kumpoto kwa California, linagwedezedwa ndi chivomezi champhamvu lili pamphepete mwa mtsinje umene lero ukutchedwa Santa Ana. Wansembe wa gululo, Juan Crespí, analemba za zimenezi, ndipo mtsinjewo anaupatsa dzina lalitali lothera ndi mawu akuti de los Temblores. Ichi ndi chivomezi choyamba cha ku California chimene Azungu anachilemba. M'chigawo chomwecho muli mapiri otchedwa Temblor Range, amene anandanda m'mbali mwa mng'alu waukulu wa San Andreas pafupi ndi chigwa cha Carrizo. Mng'alu umenewu unasuntha kwambiri pa chivomezi cha Fort Tejon cha pa 9 January 1857, chimene akatswiri amachiyerekeza pa 7.9.

Ku Cusco, m'dziko la Peru, m'tchalitchi chachikulu muli chosema cha Yesu wopachikidwa chotchedwa Señor de los Temblores, Ambuye wa zivomezi. Olankhula Chikechuwa, chilankhulo cha eni dera, amati Taytacha Temblores. Dzinali linabwera ndi chivomezi cha pa 31 March 1650, pamene anthu anatulutsa chosemacho kupita nacho pabwalo ndipo anakhulupirira kuti ndicho chinaletsa kugwedezekako. Mpaka lero chimayendetsedwa mumzinda Lolemba la Sabata Yoyera, anthu akuchiwaza maluwa ofiira otchedwa ñucchu. Taonani kuti chivomezi cha 1650 chinagwetsa mbali yaikulu ya mzindawo, komabe dzina limene linatsala ndi temblores.

Womasulira nkhani m'Chichewa alembe chiyani?

Alembe chivomezi kapena chivomerezi, asankhe kumodzi n'kusunga komweko mpaka nkhani ithe. Palibe chifukwa chobwerekera temblor. Chichewa chili kale ndi njira yosonyezera kukula: kachivomezi, chivomezi champhamvu, chivomezi choopsa, tizivomezi totsatira. Vuto ndi kusankha msanga. Musanalembe kachivomezi, pezani kaye dziko limene nkhaniyo yachokera ndi chilankhulo chimene inalembedwa poyamba. Ngati ndi Chingelezi, temblor sakukupatsani chilolezo chochepetsa. Ngati ndi Chisipanishi cha ku Chile ndipo wolankhula akusiyanitsa dala, monga kunena kuti sichinali terremoto koma temblor chabe, masulirani ganizolo: sichinali chivomezi choononga, nthaka inangogwedezeka. Kenako onani nambala pa tsamba la bungwe loyeza zivomezi la dzikolo kapena la USGS la ku America. Manambala oyamba amasintha pakapita maola ochepa pamene makina ambiri atumiza zimene ayeza, choncho onaninso musanaulutse.

Kuti owerenga a kuno amvetse nambalayo, ithandizeni ndi chimene akuchidziwa. Malawi ali m'chigwa chachikulu cha mng'alu wa kum'mawa kwa Africa, ndipo zivomezi za ku Karonga za mu December 2009, zimene chachikulu chake chinali cha 6.0, zinagwetsa nyumba zambirimbiri ndi kupha anthu. Cha ku Salima cha pa 10 March 1989 chinapitirira 6 pang'ono. Munthu amene akudziwa zimenezi akamva kuti ku Chile kwachitika chivomezi cha 6.2 popanda nyumba yogwa, amamvetsa kuti nkhani yagona pa kamangidwe ndi kuya.

Omasulira nkhani za ku Mozambique asasokoneze Chisipanishi ndi Chipwitikizi. Chipwitikizi sichigwiritsa ntchito temblor. Kumeneko mudzaona sismo, tremor de terra, abalo sísmico kapena terramoto, pamene ku Brazil amalemba terremoto.

Ndikakhala ku Mexico, Chile kapena Peru n'kumva wina akufuula kuti está temblando, ndichite chiyani?

Musataye nthawi kufunsa ngati ndi temblor kapena terremoto. M'masekondi oyamba palibe amadziwa. Gwadani pansi kuti kugwedezeka kusakugwetseni, lowani pansi pa tebulo lolimba, tchingani mutu ndi khosi, ndipo gwirani mwendo wa tebulolo mpaka kutasiya. Khalani kutali ndi mawindo ndi makabati aatali. Musakwere chikepe cha m'nyumba zosanja, ndipo musathamangire pamasitepe nthaka ikugwedezeka, chifukwa ambiri amavulalira pamenepo. Ana a sukulu a ku Mexico amaloweza mawu akuti no corro, no grito, no empujo: sindithamanga, sindikuwa, sindikankha mnzanga.

Ku Mexico City kuli zokuzira mawu m'misewu zimene zimalira chivomezi chisanafike. Amati alerta sísmica. Zimatheka chifukwa makina a kugombe amatumiza uthenga pa mafunde a wailesi, amene amathamanga kwambiri kuposa mafunde oononga a m'nthaka oyenda makilomita 3 kapena 4 pa sekondi. Chivomezi chikayambira kugombe la Guerrero, mumzinda amakhala ndi pafupifupi mphindi imodzi. Chikayambira pafupi, monga cha 2017 chimene chinali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120, chenjezolo limafika limodzi ndi kugwedezeka komweko. Choncho ngati muli pansi kapena pansanjika yoyamba ndipo chenjezo lalira nthaka isanayambe, tulukani mwadongosolo kupita pamalo osonkhanirana olembedwa punto de reunión. Ngati muli pamwamba, pitani pamalo otetezeka a m'nyumbamo amene akusonyezedwa ndi zikwangwani.

Kugombe la Chile ndi Peru pali lamulo lina. Kugwedezeka kukakhala kwamphamvu moti simungathe kuima, kapena kukatenga nthawi yaitali, musadikire chilengezo: kukangosiya, yendani wapansi kukwera kumtunda potsata zikwangwani zolembedwa vía de evacuación, ndipo musabwerere kunyanja mpaka akuluakulu atalengeza, chifukwa funde loyamba la tsunami kawirikawiri silikhala lalikulu kuposa otsatira. Musanalowenso m'nyumba yang'anani ming'alu m'makoma ndi m'nsanamira, nunkhizani ngati gasi akutuluka musanayatse moto kapena magetsi, ndipo yembekezerani réplicas m'maola ndi masiku otsatira.